Esiteti: Kodi Munthu Amaima ndi Chiyani?

Mlendo akafika pamudzi timamufunsa kumene wachokera, mtundu wake ndi chimene wadzera. Koma liwu lachilendo likafika sitilifunsa kanthu. Timangolipinda kuti ligwirizane ndi lilime lathu, basi lasanduka lathu. Limodzi mwa mawu otere ndi lakuti esiteti. Kunyanja kuno timalidziwa chifukwa cha minda ya fodya ya ku Namwera, ndiponso chifukwa cha abale athu amene anakwera kumapiri kukafuna ntchito. Koma kumene liwuli limalemera kwambiri ndi ku Thyolo, kumene tiyi anakuta zitunda ngati mkeka wobiriwira, pamene midzi ya anthu inapanikizana m'malire ndi m'matsitso. Kumeneko mukatchula Satemwa, Naming'omba, Makandi kapena Conforzi, ngakhale mwana akuuzani kuti amenewo ndi maesiteti. Tiyeni lero tilifunse liwuli kwawo, pakuti mbiri yake ili ndi funso limene likukhudza khomo lililonse: kodi ulemu wa munthu umachokera pa chimene iye ali, kapena pa chimene wagwira m'manja?

Amene anaphunzirako Chiarabu amadziwa kuti liwu limamveka bwino ukapeza muzu wake. Kitab ndi buku, katib ndi mlembi, maktab ndi malo olemberapo, ndipo onsewa akuchokera pa zilembo zitatu zonena za kulemba. M'Chichewa namonso mlimi, ulimi ndi malimidwe ndi ana a mayi mmodzi. Chingerezi chokha ndicho chimabisa mizu yake, chifukwa mawu ake ambiri chinachita kubwereka. Wofuna kuwamvetsa ayenera kuwalondola m'mbuyo, chiyankhulo ndi chiyankhulo, monga mlenje alondolera mapazi a nyama.

Phazi loyamba ndi ili. Esiteti yathuyi ndi liwu la Chingerezi lolembedwa kuti estate. Koma Angerezi nawonso si eni ake. M'chaka cha 1066, William wa ku Normandy anawoloka nyanja n'kugonjetsa England, ndipo kwa zaka mazana angapo Chifalansa chinakhala chiyankhulo cha kunyumba ya mfumu ndi cha m'mabwalo a milandu. Pa nthawi imeneyo mawu zikwizikwi a Chifalansa analowa m'Chingerezi, ndipo pofika m'zaka za m'ma 1200 liwu lakuti estat linali litalowa nawo. Chodabwitsa n'chakuti silinkanena za munda ayi. Linkanena za mmene munthu alili: kaya ali moyo wabwino kapena akudwala, kaya ndi mwana kapena wamkulu, kaya zinthu zikumuyendera kapena zamuvuta. Munalibe dothi m'liwuli, munali munthu.

Phazi lachiwiri likutifikitsa ku Rome. Chifalansa ndi mwana wa Chilatini, chiyankhulo cha Aroma, ndipo estat anachokera ku liwu la Chilatini lakuti status. Liwu limeneli nalo linaphuka pa mneni wakuti stare, ndiye kuti kuima. Choncho status ndi kaimidwe: mmene munthu kapena chinthu chaimira. Nanga chilembo cha e kutsogoloko chinachokera kuti? Chinachokera ku lilime. Anthu a ku France, Spain ndi Portugal ankavutika kuyamba liwu ndi s wotsatana ndi t, ndiye ankaikapo kaliwu kothandizira, monga momwe ife timachitira ponena kuti sitolo, sukulu kapena sipuni. N'chifukwa chake abale athu a ku Mozambique, poyankhula Chipwitikizi, boma amalitcha estado.

Angerezi analibwereka liwu limeneli katatu. Estate ndi kamodzi. State, liwu lotanthauza dziko ndi boma lake, limene timalimva m'dzina la State House, ndi kachiwiri. Kachitatu anatenga status yemweyo osamusintha, ndipo ndi amene achinyamata athu amaika pa WhatsApp pofuna kuonetsa dziko mmene aimira lero. Abale ena a liwuli timakhala nawo tsiku lililonse osawazindikira. Siteshoni ndi pamene sitima imaima. Siteji ndi pamene minibasi imaima. Onsewa ndi zidzukulu za stare.

Koma Chilatini nacho chili ndi makolo. M'chaka cha 1786, woweruza milandu wa Chingerezi dzina lake William Jones, akugwira ntchito ku Calcutta m'dziko la India, anauza anzake ophunzira kuti Chisansikiriti, chiyankhulo chakale cha Amwenye, chimafanana kwambiri ndi Chigiriki ndi Chilatini moti zitatuzi ziyenera kuti zinatumphuka pa kasupe mmodzi. Akatswiri amene anabwera pambuyo pake anatsimikiza zimenezi poyerekeza mawu mazanamazana. Anapeza kuti panali chiyankhulo china chimene chinkayankhulidwa zaka zoposa 5,000 zapitazo, chimene palibe anachilemba, koma chimene mizu yake imaonekera mwa ana ake. Umodzi mwa mizu imeneyo ndi sta, kutanthauza kuima. M'Chigiriki unabala stasis, kuima chilili. M'Chisansikiriti unabala sthana, malo. M'Chingerezi chenicheni, chosabwereka, unabala stand. M'Chiperisiya unabala stan, malo amene anthu kapena zinthu zaima.

Apa pafunika chenjezo. Kulondola mawu si kungomva kufanana kwa kamvekedwe n'kupeka nkhani. Ambiri tinamvapo kuti liwu lakuti boma ndi chidule cha mawu anayi a Chingerezi. Imeneyo ndi nthano chabe: boma ndi liwu la Chiswahili lonena za linga kapena mpanda, ndipo linalipo Angerezi asanakhazikitse ulamuliro wawo kuno. Akatswiri savomereza ubale wa mawu pokhapokha kusintha kwa kamvekedwe kukutsata lamulo limodzimodzi m'mawu ambiri. Muzu wa sta unayesedwa motero, ndipo unapambana mayesowo.

Nthambi ya Chiperisiya ija ikutikhudza ife mwapadera. Ndiyo ili kumapeto kwa mayina a Pakistan, Afghanistan ndi Uzbekistan. Ndiyo ili m'liwu lakuti bustan, malo a fungo lokoma, limene Aarabu analibwereka ndipo Aswahili amalitchula kuti bustani, munda wa maluwa ndi zipatso. Nalonso liwu lakuti ustadh, limene ana a kumadrasa amaitanira mphunzitsi wawo, Aarabu analitenga kwa Aperisiya, ndipo akatswiri ambiri amalilumikiza ku muzu womwewu wa kuima. Ndiye kuti muzu umodzi unafika m'dziko lino podzera njira ziwiri. Nthambi ina inadzera ku Rome, France ndi London, n'kukwera mtsinje wa Zambezi ndi Shire pa sitima za Azungu. Inzake inadzera ku Persia ndi Arabia, n'kutsika ndi mphepo ya pa nyanja ya mchere mpaka ku Zanzibar ndi Kilwa, kenaka n'kufika kunyanja yathu. Paja akuluakulu anati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Tsopano tibwerere ku funso lenileni. Zinatheka bwanji kuti liwu lonena za kaimidwe ka munthu lisanduke dzina la munda? Zinayenda pang'onopang'ono. Ku Ulaya wakale anthu ankagawidwa m'magulu atatu: akuluakulu a tchalitchi, mabanja achifumu, ndi anthu wamba. Gulu lililonse linkatchedwa estate, ndipo msonkhano wa magulu atatuwa umene unaitanidwa ku France mu 1789 ndi umene unatsegula khomo la kugwa kwa ufumu wa dzikolo. Apa kaimidwe kanali katasanduka udindo wobadwa nawo. M'malamulo a ku England namo, nthaka yonse inkatengedwa kuti ndi ya mfumu, ndipo munthu ankangoigwirizira molingana ndi udindo wake. Estate inali mtundu wa kagwiridwe kameneko: kaya ndi kwa moyo wake wokha, kaya ndi kosiyira ana. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1300 liwuli linayamba kutanthauza chuma cha munthu, ndipo m'zaka za m'ma 1600 linkatanthauza kale munda waukulu wa munthu mmodzi.

Taonani masitepewo. Poyamba, mmene munthu alili. Kenaka, gulu limene anabadwiramo. Kenaka, katundu amene ali naye. Potsiriza, nthaka yeniyeniyo. Pa sitepe iliyonse munthu ankacheperachepera m'liwuli, katundu n'kumakulirakulira, mpaka munthu anatulukamo, n'kutsala maekala. Palibe mfumu imene inalamula kuti tanthauzo lisinthe. Linasintha chifukwa anthu, mibadwo ndi mibadwo, akafunsidwa kuti uje waima bwanji, ankayankha powerenga minda yake.

Liwuli linafika ku Thyolo litamaliza kale ulendo umenewu. Dziko lino litakhala pansi pa Britain mu 1891, Harry Johnston anayamba kupereka zikalata zotchedwa Certificates of Claim kwa Azungu ndi makampani amene ankati anagula malo kwa mafumu. Malo aakulu a kumapiri a Shire anapita motero, nthawi zambiri posinthana ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Koma mbali ziwirizo sizinkamva chimodzimodzi. Kwa mfumu, kupatsa mlendo malo kunali kumulola kuti akhale ndi kulima, pakuti nthaka inali ya mtundu, ya amoyo ndi akufa ndi osabadwa. Kwa mlendoyo, chikalata chinatanthauza kuti nthaka ndi yake mpaka kalekale. Khofi atakanika, tiyi ndiye anatenga malo. Henry Brown anamubzala ku Mulanje mu 1891, ku Thyolo anafika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, ndipo Maclean Kay anayambitsa Satemwa mu 1923. Si mwangozi kuti liwu lathu lakuti atsamunda lili ndi munda m'kati mwake. Makolo athu ulamuliro wachilendo anauonera m'munda.

Pa nthaka yomweyo liwu lathulathu linakumana ndi tsoka lofanana. Kuthangata ndi kuthandiza. Kale mudzi unkathangata mfumu kapena mnansi pa ntchito yolemera, mwa ufulu ndi mwa ubale. Koma pa maesiteti, thangata anasanduka ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya malo amene wamangapo nyumba. Amene anasenza kwambiri goli limeneli anali Alomwe amene ankalowa m'dziko lino kuchokera ku Mozambique, chifukwa analibe malo akeake, ndipo wokana ntchito ankathamangitsidwa. Thangata anali chimodzi mwa zifukwa zimene John Chilembwe anaukira mu Januwale 1915. Mu 1953 ku Thyolo kunabuka zipolowe zokhudza malo ndi lendi, ndipo anthu 11 anafa. Thangata anathetsedwa mwalamulo mu 1962, koma liwulo silinachire. Mpaka lero munthu akanena kuti ntchito iyi ndi thangata, palibe amene amamva za chithandizo. Mawu awiri, lina la ku Rome lina la kwathu konkuno, anakumana m'munda umodzi, ndipo onse awiri anataya umunthu umene anabadwa nawo.

Wina anganene kuti: nanga zimenezi zili ndi phindu lanji? Tanthauzo la liwu ndi limene anthu akuligwiritsa ntchito lero, osati limene linali nalo zaka 2,000 zapitazo. Wonena zimenezi akunena zoona. Muzu wa liwu si woweruza. Palibe amene angapite kubwalo la milandu n'kukalanda munda chifukwa cha mneni wa Chilatini. Ndiponso chilungamo chikufuna tivomereze kuti maesiteti a lero si a nthawi ya thangata. Amalemba ntchito anthu zikwizikwi, tiyi wogulitsidwa pa msika wa ku Limbe amabweretsa ndalama zakunja, alimi ang'onoang'ono amagulitsa masamba awo ku mafakitale awo, ndipo ambiri mwa amene akuyendetsa mindayi lero sanali kubadwa pamene zikalata zija zinkalembedwa. Koma ngakhale muzu si woweruza, ndi mboni. Umatiuza chimene anthu ankaona poyamba, ndi chimene anazolowera kusachiona. Mboni yotere siigamula mlandu, koma woweruza wanzeru saithamangitsa.

Ndipo umboni wake ndi uwu: ngati esiteti ndi kuima, ndani amene amaima pa esiteti? Mtengo wa tiyi ukasiyidwa umakula n'kukhala mtengo weniweni, koma amaudulira kuti ulekeze m'chiuno, kuti wothyola aufikire ali chiimire. Nyengo ya dzinja, pamene tiyi amaphuka kwambiri, mayi amalawirira m'mamawa dengu lili kumsana, n'kuima m'mizere kuthyola masamba awiri ndi kansonga, masamba awiri ndi kansonga, mvula ikumukwapula, mpaka nthawi yopita kusikelo kumene kapitawo amalemba makilogalamu ake. Mwa anthu onse okhudzidwa ndi kapu ya tiyi imene timamwa m'mawa, iyeyu ndi amene waima nthawi yaitali. Koma m'chiyankhulo cha dziko, iye alibe esiteti, alibenso status. Liwu limene linayamba ndi munthu woimirira linathera kwa munthu wokhala pampando.

Tisafulumire kuloza chala kumapiri, chifukwa matenda a liwuli ali ndi ife tomwe. Kunyanja kuno kuli mwini boti ndi khoka amene amagona kunyumba, ndipo kuli anyamata amene amachezera pamadzi usiku wonse. Pogawana za m'mawa, kodi thukuta limawerengedwa mofanana ndi injini? Kuli mtsikana wantchito amene amadzuka nyumba yonse ili m'tulo, malipiro ake n'kumachedwa miyezi iwiri pamene bwana wagula foni yatsopano. Kuli waganyu amene timapangana naye mizere makumi awiri, pomaliza n'kumuwerengera khumi ndi isanu ndi itatu. Aliyense amene amalemba mnzake ntchito, ngakhale ya tsiku limodzi, ali ndi kaesiteti kake, ndipo sikelo yake ikhoza kukhala yolungama kapena yokhota.

Nkhani ya malo nayo inatsika kumapiri n'kutipeza. Pakati pa 2004 ndi 2011, pulogalamu ya Kudzigulira Malo inathandiza mabanja oposa 15,000 kupeza minda, ndipo ena mwa iwo anachoka ku Thyolo ndi Mulanje n'kudzakhala ku Mangochi ndi Machinga. Amenewa ndi zidzukulu za anthu amene anasowa poima kwawo. Mmene timawatchulira, kaya ndi anansi kaya ndi obwera, zikuonetsa ngati taphunzirapo kanthu pa mbiri ya thangata. Komanso lamulo la malo a makolo la mu 2016 limalola munthu kulembetsa munda wake wa kumudzi, ndipo munda wolembetsedwawo limautcha customary estate. Ndiye kuti liwu lija lafika tsopano pa munda wa chinangwa wa agogo. Chikalata chikhoza kuteteza mayi wamasiye kwa olanda, ndipo chimenecho n'chabwino. Koma chikhozanso kuchititsa mbale mmodzi wodziwa kulemba kuti aime yekha pamene pankaima mbumba yonse. Chimene chinachitika pakati pa mafumu ndi atsamunda chikhoza kuchitikanso pakati pa mwana ndi amalume ake.

Chiarabu sichili pa ubale ndi Chilatini, ndipo muzu wake wa kuima ndi wina, wa zilembo q, w ndi m. Koma n'zopatsa chidwi kuona kumene muzu umenewo unapita. Unabala qiyam, kuimirira pa swala. Unabala iqama, kuitana kwakuti anthu aimirire m'mizere. Unabala mustaqim, chinthu chowongoka. Unabala maqam, malo kapena ulemerero wa munthu. Unabalanso Qiyama, tsiku limene anthu onse adzaimirire. M'banja limeneli la mawu, ulemerero ndi kuwongoka sizinasiyane. Ndipo pa mzere wa swala, mwini khoka ndi wokoka khoka amagundana mapewa, palibe amene amafunsidwa maekala. Chichewa chathu nachonso chimadziwa zimenezi. Timati uje amaima pa choonadi, uje anaimira ana amasiye, dziko linayamba kudziimira palokha. M'mawu onsewa kuima ndi ntchito ya munthu, si katundu wake. Zikuoneka kuti mitundu yotalikirana inagwirizana pa chinthu chimodzi: pofuna kunena za ulemu wa munthu, inayang'ana msana wake wowongoka.

Latsala tanthauzo limodzi la estate, ndipo ndi limene limaulula zonse. M'malamulo, katundu yense amene munthu wasiya atamwalira amatchedwanso estate. Lamulo lathu la chuma cha masiye la mu 2011 lili ndi mawu akuti Deceased Estates m'dzina lake. Taganizirani: liwu lobadwa ku kuima linafika potanthauza zimene zimatsala munthu akagonekedwa, osadzaimanso pa dziko lino. Nyumba, boti, munda ndi ndalama za kubanki zimalembedwa pa pepala n'kugawidwa, ndipo nthawi zina achibale amayamba kukanganirana maliro asanatuluke m'nyumba, mkazi ndi ana n'kutsala m'manja muli mbee. Pa tsiku limenelo zimaoneka poyera kuti munthu ndi esiteti yake zinali zinthu ziwiri. Chimodzi chatsala, china chapita.

Madzi saiwala khwawa. Liwu limeneli layenda zaka zikwi zisanu, ladutsa m'kamwa mwa abusa a ziweto, asilikali a Aroma, oweruza a ku England ndi akapitawo a ku Thyolo, koma pansi pake pakadali munthu woimirira pa miyendo yake iwiri. Sitingabweze tanthauzo lakale, ndipo palibe chifukwa choyesera. Chimene tingathe ndi kukana kuti malilime athu atiphunzitse kuyeza anthu ndi maekala. Pofunsa za mnyamata amene akufunsira mwana wathu, tisayambe ndi zimene ali nazo. Polipira amene watigwirira ntchito, tisadikire kuti achite kutipempha. Pogawa za masiye, tiyambe ndi wofooka. Ndipo tikamaphika tiyi m'mawa, tikumbukire kuti masamba amenewo anadutsa m'manja mwa munthu amene anaima tsiku lonse, amene dzina lake silili pa paketi, koma amene kaimidwe kake sikachepa ndi ka wina aliyense.